Mafuta a Mami ndi Leza ya Asisi

Sama, nyengo yotentha ya kuno, yomwe ndinamaliza mayeso a GCSE akusekondale, mutu wanga unali wonona kuposa mutu wina uliwonse mu London muno. Anthu amati ndimakokomeza zinthu, koma kafunseni madalaivala a basi za ku Woolwich za windo lomwe ndinkakonda kutsamira. Mpaka lero munthu akakhala pampando umenewo amaona ngati kunja kuli chifunga, ngakhale dzuwa likuswa mtengo.

Kwathu tilipo atatu, Mami, asisi ndi ine. Fuleti yathu ili kuseri kwa msika, zipinda ziwiri, china cha Mami, china cha ine ndi asisi. Mami amagwira ntchito kunyumba yosamalira okalamba, ndipo mashifiti awo amasinthasintha moti sabata zina timangodziwa kuti anabwera poona kuti nsapato zasuntha pakhomo. Koma Lamulungu masana sankagwira. Mamanijala anabwera n'kupita, ena anachonderera, wina ndikukhulupirira analira, Mami osasunthika. Lamulungu tikabwera kutchalitchi n'kudya, inkakhala nthawi ya tsitsi.

Zimayenda chonchi. Mami amakhala pasofa, chitenje pamiyendo, iwe umakhala pansi pakhushoni, pakati pa maondo awo. Maondo a Mami amapana ngati zitseko za sitima ya pansi, kusiyana kwake n'koti za sitima zimatsegukanso. Amagawa mzere ndi chipeso cha mchira, chala mukontena, chala m'mutu, mzere wina. Kontenayo inali ya ayisikilimu kalekale. Muli mafuta osakaniza okha: a nsatsi, a kokonati, jeli woyera uja amadzoza makanda, ndi chinthu china chomwe sanauzepo munthu. Amati adzatiuza tikadzabereka.

Kuti mumvetse, Mami anayamba kubwera kuno okha, ife tinatsala kwa azakhali ku Ndirande. Tsiku lomwe tinawatsatira, pabwalo la ndege, amayi ena onse ankakumbatira ana awo n'kumalira. Athu anatikumbatira ndi dzanja limodzi, linalo lili kale m'mutu mwanga, likufufuza. Anati, "Chonchi? Mlongo wa bambo anu alibe manja?" Tinadzozedwa tisanamasule n'komwe masutikesi, tikusinza, majekete ali m'thupi. Kuyambira pamenepo sabata sinadutsepo.

Amayamba asisi poti ndi aakulu, kenako ine. Ndipo nkhani zonse za m'banja mwathu zinakambidwira pamenepo, wina akuyang'ana TV, wina akuyang'ana m'mutu. Munthu ukhoza kunena chilichonse ngati sukuona nkhope ya Mami. Asisi ananenera pamenepo kuti unesi sakuufuna, akufuna fizikisi. Mami anangokoka tsitsi pang'ono kuposa masiku onse, basi, nkhani inatha.

Fizikisi ija inawafikitsa pa PhD, kuyunivesite ina mkati mwa tauni. Amapanga leza, getsi la kuwala kolunjika lija azungu amati laser, ya mu ulusi wagalasi. Atandifotokozera koyamba ndinagona. Kachiwiri anandilanda pilo, ndiye ndinamva. Ulusiwo ndi woonda ngati tsitsi limodzi. Amalowetsamo kuwala kwa mtundu umodzi mbali iyi, kothwanimathwanima mwachangu choti sungawerenge, ndipo kukamatuluka mbali inayo kumakhala kutatambasuka n'kusanduka mitundu yambirimbiri, ngati utawaleza. Vuto lake, utawaleza wa asisi uli kuseri kwa mtundu wofiira, kumene maso a munthu safika. Ntchito yawo inali kuutambasula upite kutali kuposa pomwe unkalekezera. Galasi wamba limakumeza kuwala kumeneko, ndiye amagwiritsa ntchito galasi lina lofewa, lonyanyala, lodana ndi chinyezi, loti ukangoliyang'ana ndi diso loipa lathyoka.

"Ndiye mukupanga getsi loti munthu sangalione?" ndinawafunsa.

"Eya."

"Zaka zonsezi?"

"Eya."

"Ine ndikhoza kupanga limenelo pompano. Taonani. Ndayatsa. Ndipatseni PhD."

Pilo ija inabwerera ndi liwiro.

Koma ntchito yake ilipo, anatero. Chinthu chilichonse chimameza kachigawo kakekake ka kuwala kumeneko. Gasi wothawa mupaipi amameza pake, mpweya wa m'kamwa mwa wodwala pake, mafuta pake. Ukaona pomwe pasowa, wadziwa chomwe chadutsa. Ine ndinati ndiye asadzayerekeze kuyatsa m'chipinda chathu m'mawa, makina adzakomoka.

Lolemba lina asisi anabwera kunyumba dzuwa lili pamutu, zomwe sanachitepo. Anagona pabedi nsapato zili kumapazi. Nsonga ya ulusi inali itapsa, ndipo sikanali koyamba. Pansongapo ndi pomwe kuwala konse kumapanikizana pakamalo kochepetsetsa, ndiye pakangofika kalitsiro, kaya kamafuta, pamapsa. Pakapsa amadula, n'kuyambanso kulunjikitsa zonse, ntchito yodya masiku. Ndipo ulusi wa mtundu umenewo anali nawo wochepa, kudula kulikonse unkafupika, pomwe apulofesa awo ankafuna kuona zotsatira sama isanathe.

Komwe mafuta ankachokera anali atakupeza kale. Mulabu amavala magalasi oteteza maso, a lamba wozungulira mutu. Lamba uja akaterereka amamukonza ndi dzanja, magolovesi ali m'manja, kenako dzanja lomwelo n'kukagwira zipangizo. Ndipo lamba ankaterereka kwambiri Lolemba. Anayesa chipewa chapepala chija, anayesa ziwiri. Koma mafuta a Mami amadutsa chipewa. Amadutsa duku, amadutsa pilo, ndipo ndikuganiza kuti aneba a pansi pathu ali ndi banga kudenga.

Lamulungu lotsatira Mami atayala chitenje, asisi anaima pakhomo la kukhitchini osasuntha.

"Khala," anatero Mami.

"Mami, mungondiluka. Osadzoza."

"Kuluka pouma? Ndiwe mkeka?"

"Mpaka sama ithe basi. Akundiwonongera ntchito."

"Mafuta."

"Eya."

"Mafuta omwewa anakumeretsa tsitsi uli ndi zipere ku Ndirande, lero akuwononga ntchito ku London."

"Sindikunena kuti ndi oipa. Akungodetsa zipangizo."

Mami anayang'ana zala zawo, kuno n'kuno.

"Mami, simukundimva."

"Ndamva. Manja anga akudetsa. Pita ukayere."

Anatseka kontena. Ndinaganiza kuti nanenso ndapulumuka, ndipo ndinali nditayamba kale kusendera chakuchipinda. Kenako anatsegulanso n'kundiyang'ana.

"Iwe, bwera."

Tsiku limenelo ndinalandira mafuta a mitu iwiri, ndipo Lamulungu lililonse lotsatira zinali chomwecho. Mami anazolowera muyeso wawo ndipo sanaone chifukwa chouchepetsera poti mutu umodzi wagalukira. Ndikamayenda pamsika nkhunda zinkanditsatira poganiza kuti ndine tchipisi. Mvula ya London inkagwa pa ine n'kuterereka osandinyowetsa. Mnzanga wina anandipempha ndiime bwinobwino kuti adziyang'anire pachipumi panga popaka lipisitiki. Ndinayesa kupukuta ndi tishu ndili mulifiti, koma Mami ali ndi maso oyeza. Akaona kuti pachepa, ankawonjezera madzulo omwewo.

Kuluka pouma Mami anakaniratu, asisi satha kudziluka okha, ndiye tsitsi lawo linayamba kuoneka ngati chisa cha khwangwala. Loweruka lina anapita kwa ometa a pamsika n'kubwerako atameta lonse, kutangotsala kaudzu. Mami anali akusenda anyezi. Anayang'ana kamodzi.

"Wamwalira ndani?"

"Palibe, Mami."

"Kwathu munthu wamkazi wamkulu ngati iwe akameta choncho ndiye kuti kuli maliro. Ndiye ndikufunsa, ndani? Kapena ndine?"

Asisi analowa kuchipinda. Anyezi aja anasendedwa mpaka sipanatsale choti tiphike.

Kuyambira pamenepo anasiya kuyankhulana, ine ndinasanduka foni. Ndipo popeza sukulu ndinali nditamaliza, ndinalibe kothawira. Mami akati, "Uwauze adokotalawo chakudya chili mu uvuni," ine ndinkakanena kuti Mami aphika akusisima ndipo misozi ina yagwera mumpunga, ndiye asathire mchere. Asisi akati, "Uwauze zikomo," ine ndinkakanena kuti adya atagwada. Palibe ankandikhulupirira, koma onse awiri ankafunsabe kuti winayo wati chiyani.

Kutchalitchi anti ena anakokera Mami pambali n'kufunsa monong'ona, kunong'ona kwa anti kuja koti kumamveka mpaka ku Plumstead, ngati wamkuluyo akudwala, poti watuwa mbuu. Mami anayankha kuti ndi sayansi. Pobwerera mubasi anangogwira chikwama ndi manja onse awiri ngati wina akufuna kuwalanda.

Kenako asisi anandiuza kuti mnzawo wa kulabu ali ndi chipinda chopanda munthu pafupi ndi yunivesite, ndipo asamuka sama ikatha. Uthenga umenewo ndinaupereka momwe unalili, osawonjezera kanthu, koyamba m'moyo wanga. Mami anati, "Apite," n'kupitiriza kusita yunifomu yomwe anali ataisita kale.

Ine ndinauza aliyense kuti ndasangalala. Chipinda changachanga. Ndinayeza khoma la asisi ndi maso, apa maposita, apa galasi lalitali, bedi lawo likhale sofa ya alendo anga otchuka. Koma atayamba kulongedza mabuku mukatoni, shelefu inaoneka ngati m'kamwa mwa agogo a kuntchito kwa Mami, ndipo ndinapeza kuti ndilibe maposita okwana khoma lonselo.

"Mukudziwa kuti mukapita mafuta onse akhala anga mpaka ukwati?" ndinawafunsa, nditakhala pakatoni kuti asaikemo china.

"Choka pamenepo."

"Ndidzafa. Adzandipeza nditaterereka pamasitepe kuchokera pano mpaka mumtsinje."

"Ukuganiza kuti ine ndikusangalala?" Anagwira kaudzu kawo kumbuyo. "Mutu ukuyabwa ngati muli nyerere. Lamulungu ndimakhala muno n'kumamva chipeso chikugunda kontena."

"Ndiye bwerani mudzakhale."

"Ndiye Lolemba ndikawotche ulusi wotsalawo, zaka zonsezi zipite m'madzi. Ndawafotokozera, sakufuna kumva. Choka, ndikufuna kuika dikishonale."

Sindinachoke. Anaika dikishonale pamiyendo panga.

Chakumapeto kwa sama kulabu kwawo kunali tsiku loti ana omaliza sukulu akaone zomwe zimachitika kumeneko. Asisi anandilembetsa poti ndinkangokhala panyumba kutha siriyo wa chakudya cham'mawa. Ine ndinapita kwa Mami.

"Akuti mwana asabwere yekha. Pafunika kholo."

"Wanena ndani?"

"Boma. Pageti pakhala apolisi. Ndipo amayi a anzawo onse akubwera, wina akuchokera ku China pandege, wina ali pawilitcheya koma wati sangalephere."

"Ukunama."

"Pang'ono."

"Pati?"

"Pandegepo."

Sananene kuti apita. Koma m'mawa wa tsikulo ndinawapeza atavala suti yawo yabuluu ya paubatizo, kontena ili patebulo.

"Sukaonekera kwa anthu ophunzira uli mbuu," anatero. "Mmodzi wakwana."

Ndinali ndikadali ndi mafuta a Lamulungu, osatha n'theka lomwe. Anawonjezera. Musitima ndinakhala mowongoka osatsamira, kuchitira chifundo okolopa. Mami anayang'ana pawindo njira yonse, ndipo titawoloka mtsinje anandifunsa kawiri ngati duku lawo lili bwino.

Labu ili pansi pa nthaka, yopanda windo, yozizira ngati firiji ya kubutchala. Ine ndinkayembekeza mizere yofiira yodutsanadutsana ngati m'mafilimu, yoti ukaigunda mwendo wagwa. Ndinapeza tebulo lalikulu lachitsulo la timabowo, mabokosi akuda, nthambo, ndi phokoso la fani. Pakhomo anatipatsa zipewa zapepala, timatumba tovala kunsapato ndi magalasi aja a lamba. Mami anavala chipewa pamwamba pa duku, anaoneka ngati keke.

Asisi atationa anaima mawu ali m'kamwa.

"Mwabwera, Mami."

"Akuti kuli apolisi."

Asisi anandiyang'ana. Ine ndinayang'ana fani.

Apulofesa awo anabwera kudzapereka moni, bambo wamtali wa tsitsi loyera loimirira ngati wagwidwa ndi magetsi. Anauza Mami m'Chingelezi kuti mwana wawo ali ndi manja odekha kuposa aliyense m'chipindamo. Mami anathokoza mwaulemu, dzanja lina litagwira pamkono, bondo litapinda pang'ono. Bamboyo atangotembenuka, anandinong'oneza, "Nawonso alibe mayi."

Gulu lathu linali la ana angapo ndi makolo ochepa, ndiye sindinaname kwenikweni. Asisi anafotokoza, anationetsa ulusi utakulungidwa pakagudumu, kenako anadina batani. Nyale ya pamwamba pa chitseko inayaka kusonyeza kuti leza ikugwira.

"Yayaka," anatero.

"Kuti?" anafunsa Mami.

"M'bokosimu. Sizioneka ndi maso. Yang'anani pasikirini."

Pasikirini panali mzere wobiriwira. Unkakwera, n'kuyenda mtunda wautali pamwamba ngati phiri la Zomba, kenako n'kutsika. Asisi anati kutambalala kwa phirilo ndiye ntchito yawo yonse, kuti poyamba linali kachulu chabe, ndipo akufuna lipitirire kumanja mpaka sikirini ichepe.

Mami anayang'ana nthawi yaitali. "Ndiye ichi ndi chomwe unametera."

Anazinena m'Chichewa, ndiye makolo enawo anangomwetulira poganiza kuti ndi mawu oyamikira.

Asisi anatseka kuwala, anatenga kagalasi kapadera kozungulira, kangati batani la malaya. "Iwe, bwera kuno. Kweza chipewa pang'ono." Anagunditsa kathonje pachipumi panga kamodzi kokha n'kupaka pakagalasi paja. Ndi maso sunkaona kanthu. Anakaika m'bokosi, panjira ya kuwala koma kutali ndi nsonga yawo ija, anasintha magolovesi, anavindikira, anatsegula kuwala.

Phiri lija linalumidwa. Chakumanja kwake kunatsika chigwa chakuya, ngati wina waluma buledi n'kumubwezera patebulo.

Mami anasendera. "N'chiyani chimenecho?"

"Mafuta anu."

"Anga?"

"A pachipumi pa uyu. Kadontho."

"Chotsa."

Asisi anachotsa. Phiri linadzaza.

"Bwezera."

Chigwa.

"Chotsa."

Izi zinapitirira mpaka gulu lotsatira linayamba kusuzumira pakhomo, ndipo mnyamata wina wa gulu lathu anamera ndevu. Asisi anafotokozera ena onse m'Chingelezi kuti umu ndi momwe kuwala kumeneku kumadziwira zinthu, ndipo ana onse anayang'ana chipumi changa mwaulemu. Sindinatchukepo choncho. Mtsikana wina anafunsa ngati angayese ndi chake, koma chake chinangobweretsa kadzenje ka chisoni.

"Makina onsewa," anatero Mami, akuloza tebulo lonse ndi mlomo. "Ndi kadontho."

"Eya."

"Nanga ndikanabweretsa kontena?"

"Bwenzi atandichotsa sukulu."

Mami anayesa kubisa, koma ndinaona phewa likugwedezeka mkati mwa suti. Kenako anakhala siriyasi. "Angathe kunena zomwe ndinaikamo?"

"Pano akungonena kuti ndi mafuta. Phirili likadzafika kutali, mwina adzasiyanitsa."

"Ndiye usafulumire."

Ena atatuluka, asisi anatiitanira pamaikulosikopu. Anali atasunga nsonga imodzi yopsa. Mami anawerama, anatseka diso limodzi ngati akulowetsa ulusi pasingano. Ine nditayang'ana ndinaona dzenje lakuda long'alukang'aluka, ngati pansi pa poto tsiku lomwe ndinaphunzira kuphika mpunga. Pambali pake anaika yabwino, yosalala ngati madzi a m'beseni. Kenako anawaonetsa ulusi wotsala pakagudumu. Unali wochepa, woti sungamange nawo ngakhale mutu wa khanda.

Mami sananene kuti pepa. Mawu amenewo Mami sanenapo, ndikuganiza kuti amawatupitsa pakhosi. Anawongoka, anakonza chipewa, n'kufunsa, "Loweruka umabwera kuno?"

"Nthawi zambiri ayi."

"Lamulungu?"

"Ayi."

"Hm."

Basi. Tinakwera sitima yobwerera, Mami anatsikira panjira n'kupita kushifiti ya masana atavala suti ya paubatizo, yunifomu ili m'chikwama. Madzulo asisi anandifunsa kuti Mami ati chiyani musitima. Ndinati ati ndinu munthu wanzeru kuposa aliyense mu Yuropu. Zoona zake anangoti apulofesa aja akufunika nsatsi.

Lachisanu la sabata yotsatira, chakumadzulo, ndinamva makiyi pakhomo nthawi yoti Mami ali kuntchito. Analowa, anasamba m'manja, anayala chitenje pasofa. Asisi anali atangofika kumene, chikwama chili paphewa.

"Uwauze adokotalawo akhale," anatero Mami kwa ine, asisi ali pompo.

Ine ndinatembenuka. "Mami akuti mtima wawo wasweka zidutswa zokwana..."

"Ndamva," anatero asisi. "Mami, lero ndi Lachisanu."

"Masiku ndimawadziwa. Ndasinthana ndi mnzanga wa ku Ghana uja. Iye watenga Lachisanu langa, ine ndatenga Lamulungu lake. Udzola lero, kutchalitchi ukaoneka ngati mwana wa munthu, Lamulungu madzulo utsuke mpaka mutu ulire. Lolemba uzipita ndi mbuu wakoyo kwa apulofesa ako, mukafanane."

Asisi anangoima. Lamulungu masana lija, lomwe mamanijala analirira osalipeza. Anatsitsa chikwama pang'onopang'ono, anatenga khushoni, anakhala pansi. Maondo anatseka.

Tsitsi loti aluke panalibe. Mami anagawabe mizere ndi chipeso pakaudzu kaja, chala mukontena, chala m'mutu, akudandaula kuti mafuta a masiku awiri okha ndi kuwononga chabe, kuti ometa aja anameta ndi khasu, kuti mutu wauma ngati msewu wa ku Ndirande mu Okutobala. Asisi ankangoyang'ana TV. TV yake palibe anaiyatsa.

"Chipinda chija," anatero patapita nthawi, maso ali kutsogolo, "mnzanga akuti msuweni wake akuchifuna."

"Amupatse," anatero Mami. "Weramitsa mutu."

Katoni ya mabuku inakhala pakona mpaka Khirisimasi poti asisi ndi aulesi pomasula, koma sinatuluke pakhomo. Khoma sindinalipeze. Ndinadandaula mokweza kwa sabata zingapo kuti anthu asandizolowere. Lamulungu masiku ano tikatuluka m'tchalitchi Mami amakwera basi ina, ife ina, ndipo masana amatalika ngati ulaliki wachiwiri. Madzulo asisi amatsuka mutu, kenako amadina tishu paliwombo n'kuiyang'ana pagetsi. Ikaonekera, abwerera kubafa. Nsonga sinapsenso chifukwa cha mafuta. Inapsa chifukwa cha zina, poti ulusi umene uja umapsa ukangomva kuti munthu wasangalala, koma apulofesa analiona phiri lawo ndipo anakhutira.

Lachisanu loyamba lija, asisi atadzuka mutu uli phuliphuli, ndinakhala pakhushoni yofunda kale. Mami anapana, chala chinalowa mukontena, ine ndinatsinzina kudikira mulu wa masiku onse. Anandipaka theka. Mutu unapepuka moti ndinagwira mwendo wa tebulo kuopa kuuluka.

"Nanga iwe," anatero akugawa mzere, "sukulu wamaliza. Ukufuna kudzachita chiyani?"

"Sindinaganize bwino. Mwina getsi looneka."

Asisi anaseka ali kukhitchini. Mami anakoka tsitsi pang'ono kuposa masiku onse.